Nyumba Yosungiramo Zinthu Zakale ya ku Chichiri ndi Luso la Makolo

Munthu wa ku Limbuli, m'boma la Mulanje, akafuna kuona pamalo amodzi mbiya, ng'oma, mikanda, zosema ndi zida zimene anthu a dziko lino anali kupanga ndi manja awo, ayenera kuyenda ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kufikira ku Chichiri, pakati pa Blantyre ndi Limbe. Kumeneko kuli nyumba imene dzina lake ndi Museum of Malawi, ngakhale anthu ambiri amangoti ku myuziyamu. M'maiko ena mizinda yaikulu ili ndi nyumba yakeyake ya zithunzi ndi zosema, inanso ya nyama, inanso ya mbiri. Ku Blantyre zonsezi zinalowa pansi pa denga limodzi. Ichi sichidabwitsa anthu a kuno, pakuti kwa makolo luso silinali kukhala palokha ayi: linali pakhosi pa mtsuko, pampini wa nkhwangwa, ndi m'kalukidwe ka lichero.

Ana ambiri a m'sukulu za ku Limbuli adzatsiriza maphunziro awo oyamba asanaponde ku Chichiri. Chimene adzadziwa cha nyumbayo chidzachokera m'kamwa mwa mphunzitsi wawo. Chifukwa chake mphunzitsi ayenera kudziwa zinthu zitatu: m'mene nyumbayo inayambira, zimene zili m'katimo, ndiponso zimene mulibe.

Chiyambi chake

M'chaka cha 1946, dziko lino likali kutchedwa Nyasaland, Azungu ena anayambitsa bungwe lotchedwa Nyasaland Society, limene pambuyo pake linatchedwa Society of Malawi. Ena mwa iwo anali antchito a Boma, ena a m'minda ya tiyi ndi fodya, ena amishoni. Anali anthu okonda kufufuza za mbalame, mitengo, miyala ndi mbiri, ndipo kuyambira 1948 anali kusindikiza zimene apeza m'magazini yawo. Iwowa ndiwo anaumiriza Boma kuti pakhale nyumba yosungiramo zinthu, kufikira m'chaka cha 1957 lamulo linakhazikitsidwa, ndipo panasankhidwa gulu la akuluakulu oyang'anira ntchitoyo.

Poyamba panalibe nyumba yomangidwira ntchito imeneyi. Tsono m'chaka cha 1960 zinthu zinayalidwa m'nyumba yakale ya ku Mandala, kumalo a kampani ya African Lakes. Dzina lakuti Mandala linachokera pa magalasi a m'maso amene John Moir, mmodzi wa akulu a kampaniyo, anali kuvala. M'zaka zoyambazo woyang'anira zinthu anali Peter Hanney, katswiri wa za nyama, amene anadziwika chifukwa cha kufufuza kwake mitundu ya mbewa ndi makoswe a m'dziko muno.

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, nyumba yatsopano inamangidwa ku Chichiri m'chaka cha 1965. Ndalama zinachokera ku Boma ndi ku Beit Trust, thumba la chuma chimene anasiya Alfred Beit, munthu wolemera ndi migodi ya ku South Africa, amene anamwalira m'chaka cha 1906. Dr Kamuzu Banda, ali Nduna Yaikulu, anatsegula nyumbayo pa 29 June 1966, kutatsala sabata imodzi kuti Malawi asanduke Repabuliki. M'chaka cha 1981 Boma linatenga udindo wonse woyendetsa nyumbayo. Nyumba zina zotere zinatsegulidwa m'madera ena: ya ku Mangochi, yonena za nyanja, ya ku Mzuzu, ya ku Namaka, pamsewu wa ku Zomba, yokumbutsa amtengatenga amene anali kunyamula makalata wapansi, ndi ya ku Karonga, ya m'chaka cha 2004.

Mbiri imeneyi iphunzitsa chinthu chimodzi chachikulu. Katundu wa m'nyumba yotere sadzisonkhanitsa yekha. Chilichonse chimene chili m'kabati yagalasi chinafikamo chifukwa munthu wina anachiyesa choyenera kusungidwa. Ndipo chimene iye sanachione, kapena anachipeputsa, chinatsala kumudzi ndi kudyedwa ndi chiswe. Otolera oyamba anali alendo, ndipo maso awo anali pa zachilengedwe ndi pa mbiri ya Azungu oyamba. Kunalinso zinthu zambiri zimene amishoni ndi asilikali anali atapita nazo kale kutsidya kwa nyanja, kotero kuti zopangidwa ndi Amang'anja ndi Ayao zina zili ku Edinburgh, m'dziko la Scotland.

Zimene mlendo amaona

Mlendo asanalowe pakhomo amayamba waona makina akale ali pabwalo: mutu wa sitima ya pamtunda yoyendera moto ndi nthunzi, ndi magalimoto a masiku amenewo. Mwana wa ku Mulanje ayenera kuuzidwa kuti makina amenewa amkhudza, pakuti njanji imene inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908 inadzera ku Luchenza, ndipo ndiyo inali kunyamula tiyi wa m'tsinde mwa phiri, amene anayamba kubzalidwa m'chaka cha 1891. Pabwalo pomwepo panamangidwanso nyumba yachimudzi, yosonyeza kamangidwe ka makolo.

M'kati muli za nyama, miyala imene anthu akalekale anali kusula kuti ikhale mipeni, zokumbutsa malonda a ukapolo ndi maulendo a David Livingstone, ndi ndalama zakale. Koma mphunzitsi wofuna luso la makolo aimirire nthawi yaitali pa zinthu zitatu: zoumba, zosula ndi zoomba, ndi za magule.

Zoumba ndizo zakale koposa. Kuumba inali ntchito ya amayi. Mayi anali kukatapa dothi ku mtapo, kulisinja, kuliviika, ndi kulikanda kufikira litafewa. Ndipo anali kuumba ndi manja okha, wopanda makina ozungulira monga a m'maiko ena. Chiwiya chikayamba kuuma anali kuchisalaza ndi kamwala kosalala, nachilemba mizere ndi kamtengo, nachisiya pamthunzi masiku angapo, kenaka nachiotcha poyera pamoto wa nkhuni. Chiwiya chilichonse chinali ndi dzina ndi ntchito yake. Mtsuko ngwa madzi, ndipo khosi lake nlopapatiza kuti madzi asatayike pamutu. Mphika ngwa ndiwo. Nkhali njaikulu, yakukamwa kotakasuka. Mbiya nja mowa. Ndipo chiwiya chikasweka sichinatayidwe, koma chinasanduka phale lokazingira chimanga kapena mtedza.

Mizere ya pakhosi pa chiwiya siithandiza kanthu pophika. Nyemba zipsa chimodzimodzi mumphika wolembedwa ndi wosalembedwa. Mayi anailemba chifukwa anafuna kuti chiwiya chake chikongole, monga anaphunzira kwa amake. Koma mizere yomweyo ndiyo yasanduka kalata yowerengamo mbiri. Akatswiri ofukula pansi, monga Keith Robinson, anapeza kuti mibadwo yosiyana inali ndi kalembedwe kosiyana, ndipo mtundu uliwonse wa mapale anautcha dzina la malo amene anayamba kuupeza. Mapale a Nkope, otchedwa dzina la dooko la m'boma la Mangochi, ndi a anthu oyamba kulima ndi kusula chitsulo m'chigawo chino, zaka zoposa 1,500 zapitazo. Pambuyo pake panadza a Kapeni, ndipo kenaka a Mawudzu, amene akatswiri amati ndi a nthawi ya ufumu wa Maravi. Chotero mayi amene dzina lake palibe alidziwa anasiya umboni wokhalitsa kuposa nyumba za mafumu a m'masiku ake.

Zosula ndi zoomba zinali za amuna. Mwala wachitsulo unali kusungunulidwa m'ng'anjo yadothi ndi makala. Ndipo pachipala wosula anali kukoleza moto ndi mvukuto wachikopa, nasula makasu, nkhwangwa, sompho, mikondo ndi mipaliro. Pamene Livingstone anayenda m'dziko la Amang'anja m'chaka cha 1859, anapeza anthu alikulima thonje, kupota ulusi, kuomba nsalu ndi kusula chitsulo m'midzi yambiri. Enanso anali kuvala chiwondo, nsalu ya khungwa la mtengo wa mombo, limene anali kulisula ndi chibonga kufikira litafewa ndi kutambasuka. Nsalu za m'sitolo ndi makasu a kunja zitachuluka, ntchito izi zinazilala, kotero kuti lero mwana akamva mawu akuti mvukuto sadziwa ngati ndi nyama kapena mtengo.

Za magule ndizo zimakopa maso a ana koposa: ng'oma zazikulu ndi zazing'ono, zoimbira zansambo, ndi zigoba za Gule Wamkulu. Pano mphunzitsi ayenera kuyenda mosamala. Kwa mlendo chigoba ndi chosema chokongola kapena choopsa. Kwa eni ake gule ndi nkhani ya mizimu ndi ya mwambo, ndipo si onse amene amakondwa kuona zotere zili poyera. M'kalasi limodzi la ku Limbuli mukhoza kukhala ana a Alomwe, Amang'anja ndi Ayao, Akhristu ndi Asilamu. Mphunzitsi asanyoze, ndiponso asaulule zimene eni ake amabisa. Anene zimene zili zodziwika kwa onse: kuti gule ameneyu amavinidwa pa chinamwali, pa maliro ndi polonga mfumu, kuti amalangiza za makhalidwe, ndi kuti bungwe la UNESCO linamlemekeza m'chaka cha 2005 monga chuma cha anthu a dziko lonse lapansi.

Chinthu chopanda mawu ake

Kabati yagalasi isunga maonekedwe a chinthu, koma siisunga mawu ake. Ng'oma ya m'kabati siilira. Palibe angadziwe poiyang'ana kuti mmisiri anasankha mtengo wanji, anaika phula lochuluka bwanji pachikopa, kapena kuti inali kuombedwa pa gule uti. Ngati wotolera sanafunse zimenezi ndi kuzilemba, ndiye kuti wasunga theka lokha la ng'omayo.

Pali anthu atatu amene ntchito yawo isonyeza njira yabwino. Woyamba ndi David Clement Scott wa Mishoni ya Blantyre, amene m'chaka cha 1892 anasindikiza buku lalikulu lomasulira mawu a Chimang'anja. Iye sanangolemba liwu ndi tanthauzo lake m'Chingerezi, koma pa mawu ambiri anafotokozanso m'mene chinthucho chimapangidwira ndi mwambo wake, monga anamva kwa eni chinenero.

Wachiwiri ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, amene m'chaka cha 1976 anayambitsa malo a luso a Kungoni pa Mishoni ya Mua, m'boma la Dedza. Kumeneko amisiri anaphunzira kusema, ndipo kunamangidwa nyumba yotchedwa Chamare, yofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, m'mene munasonkhanitsidwa zigoba za gule mazanamazana. Chimene chinakweza ntchito ya ku Mua si kuchuluka kwa zigoba, koma kuti wansembeyo anatha zaka zambiri alikufunsa dzina la chilombo chilichonse, kavinidwe kake ndi mwambo umene chimaphunzitsa.

Wachitatu anakhalapo ku Limbuli komweko. Brian Morris, Mngerezi, anagwira ntchito m'minda ya tiyi ya ku Zoa, m'boma la Thyolo, ndi ku Limbuli, pakati pa 1958 ndi 1965. Iye anali kuyenda ndi anthu a m'midzi, nafunsa maina a mbewa, mitengo, bowa ndi mankhwala. Pambuyo pake anakhala mphunzitsi wamkulu pa sukulu yaukachenjede ku London, nalemba mabuku onena za zimene Amalawi amadziwa pa nyama ndi zomera. Nzeru zimene zili m'mabukumo zinachokera kwa alenje, asing'anga ndi amayi okazula bowa. Iye anaposa anzake pa chinthu chimodzi: anafunsa, ndipo analemba. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Zimene zikali kumudzi

Limbuli ali pafupi ndi chipata cha Muloza, pamalire a Malawi ndi Mozambique, moyang'anana ndi Milange. Dera limeneli ndilo khomo limene Alomwe ambiri analowera m'dziko muno, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ndi m'zaka zotsatira, pothawa nkhanza, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Ambiri anakhala pa minda ya Azungu ndi kugwira thangata. Popeza anafika ali osauka ndi onyozeka, ochepa okha ndiwo anasamala kulemba za luso lawo. Ndipo ana awo ambiri anasiya Chilomwe nayamba kulankhula Chinyanja chokha. Chinenero chikamatha, maina a ziwiya, a nyimbo ndi a zovala amapita nacho pamodzi.

M'zaka zaposachedwa zinthu zinayamba kusintha. Kuyambira 2008 Alomwe akhala akusonkhana ku Chonde, m'boma la Mulanje, pa chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe. Ndipo m'chaka cha 2014 UNESCO inalemba gule wa tchopa m'kaundula wake. Tchopa amavinidwa pokondwerera zokolola zabwino kapena ulenje wopambana, ndiponso popereka nsembe kwa mizimu pakagwa chilala kapena mliri. Ovina ena amabereka kumsana mitolo ya zikopa za nyama, zida zolimira, zida zaulenje, zidole ndi ziwiya zakale za m'nyumba. Mphunzitsi amene angakhale pansi ndi wovina wachikulire, ndi kufunsa dzina ndi chifukwa cha chinthu chilichonse cha mumtolomo, adzalemba zimene sizipezeka m'kabati iliyonse ya mumzinda.

Msika wa Limbuli nawonso ndi malo ophunzirirapo. Pamenepo mphasa, malichero ndi madengu zimagulitsidwa pafupi ndi mabeseni ndi zigubu zapulasitiki. Palibe chifukwa chodzudzulira mayi amene wasankha chigubu, pakuti nchopepuka ndipo sichisweka mwana akachigwetsa. Koma mtsuko ukaleka kugulidwa, woumba amaleka kuumba, mwana wake saphunzira, ndipo pakapita mbadwo umodzi palibe adziwa kumene kunali mtapo. Chimodzimodzi ndi mabokosi onunkhira a mkungudza amene amisiri a ku Mulanje anatchuka nawo: mitengo yaikulu ya mkungudza m'phirimo inadulidwa kufikira inatsala pang'ono kutheratu, kotero kuti bokosi lakale limene lili m'nyumba ya munthu lero ndi chinthu chosowa. Madzi akatayika saoleka.

Ntchito ya mphunzitsi

Mphunzitsi sangathe kumanga nyumba yonga ya ku Chichiri, ndipo sikufunika kutero. Chimene angathe ndi kusunga mawu. Zofunika ndi kope limodzi lolimba, pensulo, ndi shelefu kapena bokosi pangodya ya kalasi.

Mwana akabwera ndi chinthu, kapena kalasi likapita kukacheza kwa woumba, wosema kapena woluka, mafunso awa alembedwe pamodzi ndi mayankho ake. Kodi chinthuchi dzina lake nchiyani m'Chichewa, ndipo m'Chilomwe kapena m'Chiyao amachitcha chiyani? Anachipanga ndani, m'mudzi uti, ndipo iye anaphunzira kwa yani? Anachipanga ndi chiyani, ndipo zopangirazo anazitenga kuti? Ntchito yake njotani, ndipo amachigwiritsa ndani, amuna kapena akazi, ana kapena akulu? Kodi pali mwambi, chilape kapena mwambo wonena za icho? Mayankho alembedwe m'mawu enieni a wolankhulayo, osawakonza kuti afanane ndi Chichewa cha m'buku. Pakuti kalankhulidwe ka ku Mulanje kali ndi mawu ake amene sapezeka ku Lilongwe, ndipo amenewo ndiwo oyamba kutayika. Pansi pake palembedwe tsiku, ndipo mwana wodziwa kujambula ajambule chinthucho.

Pali zoyenera kupewa. Chinthu cha mwini chibwerekedwe mwaulemu ndi kubwezedwa; mwana asatumidwe kukatenga kanthu kwa agogo ake mobisa. Ziwiya za kumanda ndi za pakachisi zisakhudzidwe konse. Ana akapeza mapale akale m'munda kapena m'mbali mwa mtsinje, asakumbe, pakuti phale likachotsedwa pamalo pake akatswiri sangathenso kudziwa zaka zake, ndiponso malamulo a dziko amateteza zinthu zotere. Mphunzitsi alembe malowo, adziwitse mfumu ya mudzi, ndipo atumize mawu kwa a Boma oyang'anira zinthu zakale.

Kope lotere lithandiza maphunziro ambiri nthawi imodzi. Pa phunziro la chinenero ana apeza maina ndi aneni amene sali m'buku lawo lowerenga: kutapa, kukanda, kuumba, kusula, kupota, kuomba, kuluka. Pa masamu ayesa kuti mtsuko umalowa malita angati poyerekeza ndi chigubu. Pa mbiri aphunzira kuti mbiri si ya mafumu ndi Abwanamkubwa okha, koma kuti agogo awo ali m'katimo. Ndipo nkhalamba imene inali kuyesedwa yosaphunzira, chifukwa siidziwa kulemba, ionekera pamaso pa adzukulu ake kuti ndi mwini nzeru.

Mwayi ukapezeka wopita ndi ana ku Chichiri, mphunzitsi awakonzekeretse asananyamuke. Mwana aliyense asankhe chinthu chimodzi, achiyang'anitsitse, awerenge kapepala kamene kali pambali pake, ndipo afunse yekha kuti: kodi kapepalaka kanena dzina lachikuda la chinthuchi, mudzi wake, ndi amene anachipanga? Pamene kapepala kali chete, mwanayo abwerere nalo funsolo kumudzi. Kawirikawiri yankho lidzapezeka kwa mayi wachikulire wogulitsa miphika pamsika wa Limbuli. Ndipo mphunzitsi aonetsetse kuti lalembedwa m'kope la sukulu mayiyo akali ndi moyo.